Thovu la pa Mwendo wa Bambo

Linali Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Januwale, itangokwana 9 koloko m'mawa, pamene khasu linawatema bambo akunyumba kwanga. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wayilesi ya mnzathu wa munda woyandikana inali itangoinena. Tinali pa ntchito yowokera mpunga kudambo, kumunsi kwa Golomoti. Iwo ankasalaza matope kutsogolo, ine ndikubwera pambuyo ndi mbande. Khasu linagunda chitsa chobisika m'madzi, n'kudumpha, n'kuwatema pamsongolo wa kumanzere.

Bala lake silinali loti munthu n'kuchita nalo mantha. Kutalika kwake kunali ngati chala changa chamkombaphala. Anakhala pamzere, n'kutsukuluza ndi madzi a m'munda momwemo, magazi akutsetserekera kuchidendene.

"Tiyeni kunyumba, adokotala," anatero akuseka. "Lero mwapeza wodwala wamkulu."

Ankanditchula choncho, ndipo sanali okha. Ndiyenera kufotokoza mmene dzinali linandipezera, chifukwa ndi limene linawapha, kapena ndinene kuti ndine amene ndinalikonda kwambiri.

Zaka zisanu m'mbuyomo ndinakhala sabata zitatu kuchipatala ndikudwazika mayi anga. Tsiku lina kunabwera bambo wina amene anagwa panjinga, phazi lonse lili mchenga. Namwino anatenga botolo, n'kuthira pabalapo madzi ooneka ngati a pamjigo. Pomwepo panatuluka thovu loyera, likuwira ndi kaphokoso, likukankha mchenga ndi tizinyalala. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Mayi wina, wodwazika mnzanga, anandinong'oneza kuti, "Mukuonawo ndi matenda akufa. Likachuluka thovu ndiye kuti afa ambiri." Namwinoyo sindinamufunse. Ndinangoyang'anitsitsa botololo kuti ndidzalizindikire, ndipo nditabwerera kwathu ndinalipeza m'sitolo ina yogulitsa mankhwala. Dzina lake ndi lalitali, anthu amangoti haidirojeni. Ine ndinkati mankhwala a thovu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. M'mudzi mwathu muli akazi amene anafika Fomu 2, muli mkazi wa aphunzitsi, muli ena oyimba kwaya owerenga nyimbo m'buku. Ine ndinalibe chondidziwira anthu kupatula kuti ndimawokera mofulumira. Koma botolo lija litabwera, anthu anayamba kubwera pakhomo. Wina wadzicheka ndi mpeni posenda chinangwa, wina waponda msomali, wina wakalidwa ndi waya. Ndinkawakhazika pamkeka, ndikuthira, onse n'kuwerama kuonerera thovu. Ndinkanena mawu omwe aja ndinamva, ngati anga: "Mukuonawo ndi matenda akufa." Mabala ankapola. Sindinaganizepo kuti mabala ang'onoang'ono amapola okha kuyambira kale, botolo lisanabwere.

Tsono Lachiwiri limenelo ndinawathira bambo, thovu linatuluka, ndinamanga ndi kansalu kochapa. Anati kukulumaluma. Ndinati ndiko kugwira ntchito kwake.

Lachitatu anabwerera kumunda. Mbande tinali titazula kale kunazale, ndipo mbande zozula sizidikira munthu. Anamanga pulasitiki pamwamba pa nsalu ija, koma amene anawokerapo mpunga akudziwa kuti palibe chimene chimaletsa matope. Madzulo nditamasula, nsalu inali yakuda. Ndinathiranso.

Lachinayi m'mbali mwa bala munayamba kutupa. Khungu linakungika n'kumanyezimira, ndipo ukaikapo dzanja linkatentha ngati mwala wokhala padzuwa. Anagwira ntchito mpaka 10 koloko, kenaka anakakhala pansi pa mtengo. Sanali munthu wokhala pansi ena akugwira ntchito. Zaka makumi awiri ndi zitatu zimene tinakhala limodzi, ndinkachita kuwakalipira kuti aweruke.

Lachisanu bala linayamba mafinya. Nditathira, thovu linatuluka lambiri kuposa masiku onse, mpaka kusefukira pamkeka.

"Mwendo wanga wayamba kufulula mowa," anatero. "Itanani anthu, tigulitse."

Ndinaseka, ndipo mumtima ndinakondwa. Ndikunena zoona, ndinakondwa. Ndinkaona ngati ndawapeza pobisala matendawo ndipo akufa mwaunyinji.

Tsiku lomwelo masana kunabwera alamu anga, achemwali awo a bambo, ochokera cha ku Mtakataka. Ndi mayi wamkulu thupi, wolankhula mosazungulira, wogulitsa tomato pamsewu. Ine ndi iwo sitinkadana, koma tinkayezana. Anabwera kudzatenga mbewu ya mpunga imene tinawalonjeza. Atangokhala pakhonde anakweza mphuno.

"Kodi chafa n'chiyani pano?"

"Palibe," ndinatero.

"Achimwene, tavundukulani mwendowo."

Bambo anavundukula. Alamu anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Mlamu, munthuyu apite kuchipatala lero."

"Ali pamankhwala."

"Mankhwala ake ati? Sopo wanu uja?"

"Si sopo. Ndi omwewo amathira kuchipatalako. Ndinaona ndi maso angawa."

"Inenso ndinaonapo ndege ndi maso angawa, koma sindiyendetsa."

Bambo anaseka, ndipo kuseka kwawoko ndiko kunandipsetsa mtima. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botolo, ndinathira pamaso pawo. Thovu linakwera. Ndinawayang'ana alamu ngati munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaona? Zikutuluka."

Alamu anayang'anitsitsa. Ndinaona kuti nawonso thovulo lawadabwitsa. Anati, "Kaya. Inu ndinu adokotala." Anasenza mbewu yawo. Potuluka pampanda anatembenuka n'kuwauza achimwene awo kuti, "Mwendowo ndi wanu, si wa akazi anu." Ndipo anapita kukakwera minibasi.

Loweruka ndi tsiku limene ndimalephera kulinena, koma ndilinena. Bambo anadzuka akunjenjemera. Mwanabere anatuluka pamphechepeche, ndipo kutupa kunali kutakwera mpaka pafupi ndi bondo. Phala anamwa masipuni atatu. Cha m'ma 11 koloko, ndili kutsuka mbale kuseri, anandiitana ndi mawu otsika.

"Amayi."

"Ee."

"Bwanji tingopita kuchipatala ku Mua? Mwina achemwali amanena zoona."

Akanangoti tipite, osatchula achemwali awo, mwina ndikanakaitana wa njinga yamoto nthawi yomweyo. Ndaganizapo zimenezi kambirimbiri, ndipo sizindichotsera mlandu. Ndinapukuta manja, ndinamasula nsalu, ndinathira. Thovu linabwera monga mwa masiku onse.

"Taonani nokha," ndinatero. "Dzulo linali lambiri, lero ndi lambirinso. Zikutha. Kunjenjemeraku ndi malungo, si mwendo ayi. Mwakhala m'madzi sabata yonse udzudzu ukukudyani. Tidikire Lolemba."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana thovu lija.

"Chabwino, adokotala," anatero. Ulendo uno sanaseke.

Ndinawapatsa panado. Anagona.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi. Anthu atafunsa kuti bambo ali kuti, ndinati ali ndi malungo pang'ono. Za mwendo sindinatchule. Panali mayi wina, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, amene timapemphera naye. Anandigwira dzanja panja n'kunena kuti, "Ngati ndi malungo abwere tiwayeze." Ndinati akupezako bwino. Ndinkadziwa kuti akabwera kunyumba n'kuona mwendowo anena zomwe ananena alamu. Pamenepo ndiye kuti penapake mumtima mwanga ndinkadziwa. Munthu sabisa chinthu chimene akukhulupirira kuti chili bwino.

Lolemba kutacha bambo sanandizindikire. Ankandiuza kuti nditsekule madzi alowe m'munda, akuloza khoma. Thupi linali moto, koma manja ndi mapazi zili zii. Kutupa kunali kutadutsa bondo, ndipo pantchafu panali mabanga akuda. Ndinathamanga osavala nsapato kukaitana wa njinga yamoto. Tinawaika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, mutu wawo ukugunda paphewa la woyendetsa nthawi iliyonse tikalowa m'dzenje. Ngakhale m'kuthamanga konseko, botolo ndinalitenga. Ndinaliika m'chikwama pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala.

Kuchipatala anatilandira mwachangu. Adokotala amene anawaona anali bambo wa imvi pang'ono, wolankhula mofatsa. Anadula nsalu ija ndi lumo, n'kuima kaye.

"Mayi, anavulala liti?"

"Masiku atatu apitawa," ndinatero.

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kudina ntchafu ndi chala, kuona pamene pakulekezera kutupa. Kenaka anati, "Mwendo uwu si wa masiku atatu. Ndiuzeni zoona kuti ndidziwe chochita. Sindikukuzengani mlandu."

"Lachiwiri," ndinatero, ndikuyang'ana pansi.

Anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu, kuzungulira pomwe kutupa kwalekezera. Anati mzerewo udzatiuza ngati mankhwala akugwira. Anawaika diripi, anawabaya majakisoni, ndipo masana anawatengera kuchipinda china kukatumbula ndi kuchotsa mafinya ndi mnofu wakufa. Alamu anafika madzulo atamva uthenga. Anayala chitenje chawo mbali ina ya bedi, ine mbali inayo.

Tsiku lotsatira, masana, alamu atapita kukaphika kumalo a odwazika, ndinatsala ndekha ndi bambo. Kutupa kunali kutadutsa mzere uja ndi zala ziwiri. Ndinayang'ana diripi ikudontha pang'onopang'ono, yopanda thovu, yopanda phokoso, ndipo ndinaganiza kuti anthuwa sakuchita kanthu. Ndinatulutsa botolo langa. Ndinali nditayamba kumasula bandeji pamene adokotala aja anatulukira kumbuyo kwanga.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

Ndinawapatsa. Anawerenga, anagwedeza kuti aone mmene mankhwala atsalira.

"Mwakhala mukuthira kangati?"

"Katatu pa tsiku."

"Kuyambira Lachiwiri?"

"Ee. Ndipo amagwira, adokotala. Thovu limatuluka lambiri. Matenda amafa ndikuona."

Anaitana namwino kuti amangenso bandeji, ndipo ine anandiuza kuti ndiwatsatire. Tinakakhala pabenchi ya pakhonde. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake anandifunsa ngati ndinamvapo za asilikali a m'thupi. Ndinati ndinamvapo kusikelo.

"Asilikali amenewo ali m'magazi," anatero. "Tizilombo tikalowa pabala, iwo amathamangirako. Msilikali akagwira kamodzi amakameza, n'kukatsekera m'kati mwake, kenaka n'kukathira mankhwala owotcha. Ena mwa mankhwalawo ndi omwewa ali m'botolo lanuwa. Thupi limapanga lokha."

Ndinamva kamtima kakukwera. Ndinati, "Ndiye kuti sindinalakwe."

"Dikirani. Tizilombo tambiri timafadi. Koma pali tina, monga timene ndikuganiza kuti tili m'mwendo wa bambowa, timene timayenda ndi chozimitsira chake. Timapanga tinthu tina, ife timati maenzayimu. Mankhwala owotcha aja akangofika, maenzayimuwo amawaphwanya n'kuwasandutsa madzi wamba ndi mpweya. Tsono msilikali wameza mdani, wathira moto, koma mdani uja wazimitsa ali m'kati momwemo. Amakhala moyo, amaswana, mpaka kulowa m'magazi."

"Nanga thovu?"

"Thovulo ndi mpweya umenewo. Mukaliona, dziwani kuti mankhwala anu akuphwanyidwa, akusanduka madzi. Tizilombo timawaphwanya, koma magazi ndi mnofu wa munthu nazonso zili ndi chozimitsira chomwecho, chifukwa thupi liyenera kudziteteza ku moto wake womwe. Thovu lambiri limachokera m'magazi ndi m'mafinya. Mafinya akachuluka, thovu limachulukanso."

Ndinakumbukira Lachisanu lija, thovu likusefukira pamkeka, ine ndikukondwa.

"Koma namwino anathira," ndinatero. "Ndinaona."

"N'kutheka. Bala likakhala ndi mchenga, ena amathira kamodzi kuti thovu likankhe zinyalala. Tizilombo ta pamwamba tina timafa. Koma mankhwalawa salowa pansi, amathera pakhomo. Ndipo mukamathira tsiku ndi tsiku amapsereza mnofu watsopano umene ukufuna kutseka bala." Anandibwezera botolo lija. "Mukadzapha nkhuku yabwinobwino, mudzadontheze pachiwindi chake. Mudzaona."

Ndinafunsa funso limene ndinkaliopa. "Tikanabwera Lachisanu?"

Anapukusa mutu pang'ono, osati kukana, koma ngati munthu amene akusankha mawu. "Sindine Mulungu, mayi. Koma sindikunamizani. Lachisanu tikanakhala ndi mpata waukulu. Ngakhale Loweruka."

Za Loweruka sindinawauze kanthu. Anangotchula okha, monga tsiku lotsatira Lachisanu.

Madzulo a tsikulo bambo anatsitsimuka kanthawi. Anandizindikira. Anafunsa ngati ndime ya kumapeto tinaimaliza kuwokera. Ndinati ayi, yatsala. Anati mbande zija ndiye zauma. Ndinati tidzazula zina. Alamu anawamwetsa madzi ndi sipuni, bambo n'kunena kuti, "Achemwali, mwasiya tomato akuwola chifukwa cha ine?" Alamu anati, "Tomato ndi wanu? Imwani madzi." Ndinkafuna kuwauza kuti andikhululukire, koma alamu anali pomwepo, ndipo ndinachita manyazi kunena pamaso pawo. Ndinati ndidzanena mawa tikakhala awiri.

Mawa lake sanalankhulenso. Anamwalira Lachitatu, dzuwa lili pamutu. Anthu a kuchipatala anachita zonse zimene akanatha, ndinaona ndekha mmene ankathamangira.

Maliro tinakaika kwawo, cha ku Mtakataka, monga anafunira abale awo. Pamaliropo ndi pamene manyazi anga anakula, chifukwa palibe amene anandinena. Akazi a m'mudzi mwathu ankalowa m'nyumba ya siwa, kundigwira dzanja, n'kumati, "Munayesetsa." Mayi wina anauza anzake ine ndikumva kuti, "Ngati zakanika adokotala athuwa, ndiye kuti inali nthawi yawo basi." Wina anati khasu lotere si khasu wamba, alipo amene analituma. Ndinangoweramitsa mutu m'chitenje. Alamu anali pakona, maso ali pa ine. Ana athu awiri anabwera kuchokera kutauni kumene amagwira ntchito. Ndinawauza kuti bambo awo anadwala mwendo ndipo kuchipatala zinakanika. Bodza munalibe m'mawu amenewo, koma ndinkadziwa chimene ndasiya.

Patatha mwezi ndi theka, a mumpingo anabwera kudzandiona, ndipo ndinapha nkhuku. Inali nkhuku yonenepa, yoikira mazira, yosadwalapo. Ndikuitumbula kuseri kwa nyumba ndinakumbukira mawu a adokotala. Botolo linali likadali m'chikwama. Ndinadula kachidutswa ka chiwindi, ndinakaika pachivundikiro cha poto, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kudontheza.

Linatuluka thovu loyera, lambiri, ndi kaphokoso komwe kaja. Linakwera mpaka kukwirira chiwindicho.

Mpaka tsiku limenelo ndinali ndikadali ndi kamalo kobisalako. Ndinkadziuza kuti mwina adokotala aja anangonena, mwina mankhwala anga ankagwira koma matenda anali aakulu. Pachivundikiro paja panalibe bala, panalibe mafinya, panalibe matenda oti afe. Ndinakhala pansi m'dothi, mpeni uli m'manja. Alendo anadikira nthawi yaitali tsiku limenelo, ndipo ndinawauza kuti nkhuni zinali zaziwisi.

Sabata yomweyo kunabwera mnzanga wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Munga wa mlamba unamubaya pachala akukonza nsomba, ndipo chala chinali chitatupa, chikugunda. Anakhala pamkeka monga ankachitira onse, n'kutambasula dzanja.

"Tandithirani, adokotala. Masiku atatu osagona."

Kukanakhala kosavuta kunena kuti mankhwala anatha. Ndinatsala pang'ono kutero.

"Sindikuthirani," ndinatero. "Mankhwala aja sachiza zotere. Thovu lija si matenda akufa ayi. Ndinkakunamizani, ngakhale sindinkadziwa."

Anaseka, akuyesa nthabwala. "Mwayamba kuumira?"

"Bambo aja anandipempha kuti tipite kuchipatala Loweruka. Ndinawakaniza chifukwa cha thovu. Tinapita Lolemba."

Anasiya kuseka. Anabweza dzanja lake pachifuwa. Ndinayesa kumufotokozera za asilikali ndi chozimitsira chija, koma mawu anga sanayende bwino ngati a adokotala. Pamapeto ndinangoti, "Valani nsapato, ndikuperekezeni." Tinapita. Anamutumbula chalacho, anamupatsa mapilisi a masiku asanu. Pobwerera ndinadziwa kuti lisanalowe dzuwa mudzi wonse ukhala utamva.

Unamvadi. Ena anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Ena anapitiriza kunditchula adokotala, koma mwa mtundu wina, akudutsa kumjigo. Chimene chinandivuta n'chakuti nkhani ikanafika kwa alamu kudzera m'kamwa mwa ena. Choncho Lachisanu lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Mtakataka.

Ndinawapeza pamsewu, atakhala kumbuyo kwa milu ya tomato. Anandipatsa chidebe chozondotsa kuti ndikhalepo. Tinalonjerana, anafunsa za ana, ndinafunsa za malonda. Kenaka ndinanena zonse, za Loweruka, za mawu a achimwene awo, za zimene ndinauza anthu kutchalitchi, za masiku atatu amene ndinanamiza adokotala.

Anamvetsera akupukuta tomato ndi kansanza, mmodzimmodzi. Munthu wina anaima kufunsa mtengo, anamugulitsa, anamuwonjezera mmodzi wa basera. Atachoka anati:

"Ananena kuti mwina ine ndimanena zoona?"

"Ee."

"Moyo wawo wonse sananenepo zimenezo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mlamu, sindikuuzani kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Munandilanda mchimwene wanga chifukwa chofuna kundiposa."

"Ndi zoona."

"Koma inenso fungo ndinalimva Lachisanu lija. Ndikanatha kuwakweza njinga ndi manja angawa, inu mukulalata. Ndinaona thovu lanulo, ndinati kaya, ndinasenza mbewu." Anaika tomato pamulu. "Ana mwawauza?"

"Ayi."

"Muwauze nokha. Asamve kwa ine."

Sanandikumbatire, ndipo sanandithamangitse. Pochoka anandiikira tomato m'jumbo. Ana ndinawauza pa Pasaka atabwera. Wamkazi analira n'kutuluka panja. Wamwamuna anabwerera kutauni, ndipo papita nthawi asanayambenso kundiimbira foni kawirikawiri. Sindimukakamiza.

Nthawi zina ndikakhala ndekha ndimaganiza za asilikali aja. Masiku asanu ndi limodzi ankamenya nkhondo m'mwendo wa bambo, akumeza adani amene sakufa, akudikira thandizo lochokera kunja. Thandizolo linali pa mtunda woti njinga yamoto n'kufika ola lisanathe. Amene anaima pakhomo kuti lisalowe ndinali ine, mkazi amene anagona nawo mphasa imodzi zaka zonsezo.

Anthu amabwerabe pakhomo, ngakhale ndi ochepa, chifukwa chipatala chili kutali ndipo chizolowezi sichitha msanga. Wina akabwera ndi bala, ndimalitsuka ndi sopo ndi madzi owiritsa atazizira, n'kumanga ndi nsalu yoyera. Ngati patupa, ndimajambula mzere ndi cholembera pomwe kutupa kwalekezera, ndipo ndimamuuza kuti abwerenso mawa m'mawa. Kutupa kukadutsa mzere, kapena thupi likatentha, kapena pakatuluka mafinya, ndimasiya chimene ndikuchita n'kumuperekeza kuchipatala tsiku lomwelo.